Zomba, likulu lakale: bwanji eni akefe timangodutsa osaima?

Aliyense amene amayenda pamsewu wochokera ku Limbe kupita ku Liwonde, Balaka kapena Mangochi amaudziwa mzinda wa Zomba. Minibasi imakhotera m'depoti, kondakitala n'kumakuwa kuti otsika atsike msanga, ogulitsa nthochi ndi mazira owiritsa n'kuunjikana pamawindo, ena akwera, basi ulendo wapitirira. Phiri lija timangolionera chapatali litafunda chifunga. Mutati mufunse m'minibasimo kuti ndani adakwerapo pamwamba paja, mwina mupeza munthu mmodzi, mwinanso palibiretu. Ndipo yankho lake n'lodziwikiratu: "Aaa, kumeneko n'kwa azungu."

Mawu amenewa ndiwo akuipha Zomba pang'onopang'ono. Malo amene eni ake sawayendera sakhala ndi owalankhulira. Denga la nyumba yakale likayamba kudontha palibe wodandaula, nkhalango ikapsa palibe wofunsa, ndipo mbiri ya malowo imatsala m'kamwa mwa alendo, iwo n'kumaifotokoza m'mene akufunira. Tsono nkhani yathu lero ndi yakuti alendo oyamba a Zomba tiyenera kukhala ife eni dziko, makamaka inu a geni a m'matauni ndi inu ophunzira, chifukwa mzindawu ukaonongeka oluza kwambiri ndinu.

Anzathu amatani ndi malikulu awo akale?

Zomba si mzinda woyamba kulandidwa ulikulu. Ku Spain kuli mzinda wa Toledo, umene uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Madrid. Mfumu Philip II idasamutsa bwalo lake kuchoka kumeneko kupita ku Madrid m'chaka cha 1561. Anthu a ku Toledo sadagwetse nyumba zawo zakale pofuna kufanana ndi likulu latsopano. Adasunga matchalitchi, misikiti yakale, masunagoge a Ayuda ndi tinjira tawo topapatiza, ndipo mu 1986 bungwe la UNESCO lidauika mzindawo m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Lero munthu amakwera sitima ku Madrid, pakangotha theka la ola wafika, n'kuyenda tsiku lonse, kudya, kugula mipeni ndi malupanga osulidwa komweko, madzulo n'kubwerera.

Pafupi ndi Lisbon, likulu la Portugal, pali Sintra, tauni ya m'phiri yozizira bwino kumene mafumu ankathawira kutentha. Pafupi ndi London pali Windsor, pafupi ndi Paris pali Versailles. Malo onsewa amadzaza Loweruka ndi Lamulungu, ndipo pakati pa anthuwo pamakhala eni dziko ochuluka, mabanja ndi ana a sukulu ali ndi aphunzitsi awo.

Mwina muti za ku Ulaya n'zakutali. Chabwino, tiyang'ane kwa anansi. Mzinda wa Livingstone ku Zambia udasiya kukhala likulu mu 1935 pamene boma lidasamukira ku Lusaka, koma lero ndiwo mtima wa ntchito zokopa alendo m'dzikolo, uli ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya ndi nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale. Ku Mozambique, chilumba cha Ilha de Moçambique chidalandidwa ulikulu mu 1898, koma mu 1991 chidalowa m'kaundula wa UNESCO uja.

Nanga ife? Zomba idakhala likulu kuyambira 1891 mpaka 1975, zaka 84 zathunthu, ndipo aphungu adapitiriza kukumana kumeneko mpaka 1994. Kuchokera ku Blantyre sipakwana n'komwe makilomita 70. Munthu akhoza kunyamuka ku Limbe m'mawa, kuona zambiri, n'kukagona kwawo tsiku lomwelo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma ifetu wathuyu sitikumununkhiza.

Tiyambire m'tauni

Mukatsika m'depoti n'kulunjika kuphiri, msewu umayamba kukwera ndipo mitengo italiitali imayamba kukuphimbani. Kumtunda kumeneko ndiko kuli Zomba yakale. Nyumba yoyamba kuiona ndi ya Masongola, ya nsanja ziwiri zosongoka zimene zidaipatsa dzinalo. Adaimanga ndi John Buchanan mu 1886 kuti ikhale nyumba ya kazembe wa Britain, ndipo ili m'gulu la nyumba zakale zedi zimene zidakaimabe m'dziko muno. Harry Johnston atabwera mu 1891 kudzakhazikitsa boma la atsamunda adakhala m'nyumba yomweyi. Zomba adaikonda chifukwa cha madzi ake ndi kuzizira kwake, komanso pofuna kukhala pafupi ndi njira zimene ogula akapolo ankadutsa popita kunyanja yamchere. Tisaiwale kuti malowa sadawapeze opanda anthu: kudali Anyanja, kudali mafumu a Chiyao monga Malemia ndi Mlumbe, ndipo posakhalitsa Alomwe nawo adayamba kufika kuchokera ku Mozambique.

Pafupi pomwepo, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, pali munda wa mitengo ndi maluwa wa Botanic Gardens umene adauyambitsa ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene adabwera ndi Johnston. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, dzina lake la sayansi lidachokera kwa mkulu ameneyu. M'mundamu ndi momwe akwati ambiri a mu Zomba amakajambulitsa zithunzi, koma ndi angati amaima n'kuwerenga maina a mitengo imene aitsamirayo?

Kenaka pali nyumba ya malamulo yakale. Ndi yaing'ono poyerekeza ndi chinyumba cha ku Lilongwe chimene chidatsegulidwa mu 2010, koma taganizani zimene zidachitikira mu Zomba pankhani ya malamulo. Bwalo lopanga malamulo la atsamunda lidakhazikitsidwa mu 1907 ndipo munthu wakuda sadakhalemo mpaka 1949. Mu 1956 mudalowa anyamata olankhula mosaopa, Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, amene adawapatsa mutu atsamunda pankhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu September 1964, patangopita miyezi iwiri chilandirireni ufulu, aphungu adakumana mu Zomba pamkangano waukulu wa Dr Banda ndi nduna zake, mkangano umene udathamangitsira anthu ambiri kunja kwa dziko ndi kutsegula njira ya chipani chimodzi. Mu Zomba momwemo ndi momwe adavomereza upulezidenti wamuyaya mu 1971, ndipo momwemonso ndi momwe adachotsa lamulo la chipani chimodzi mu 1993, referendamu ya pa 14 June itatha. Ophunzira mumaloweza zaka zimenezi pokonzekera mayeso. Kodi simufuna kukaona khomo limene anthu amenewa ankalowera?

Nyumba ya boma ya State House mungoionera kunja chifukwa ikugwirabe ntchito. Kumeneko ndiko adamufikitsira Dr Banda pa 1 April 1960 atamutulutsa kundende ya Gwelo, kuti akumane ndi nduna ya Britain yoona za maiko a atsamunda, Iain Macleod. Chakumunsi kuli Gymkhana Club ndi bwalo lake la gofu, kalabu imene m'masiku a atsamunda idali ya azungu. Kulinso National Archives, nkhokwe ya zikalata zakale za dziko lino, kumene akatswiri a mbiri ochokera maiko akutali amadzakhala milungu ingapo akuwerenga za makolo athu, pamene ambiri a ife sitidziwa kuti khomo lake lidaloza kuti.

Musachoke m'tauni osalowa mumsika. Msika wa Zomba ndi umodzi mwa misika yokoma kuyendamo m'dziko muno: matemba ndi milamba ya ku Chilwa, mpunga, nandolo, kachewere wa m'phiri, mapeyala, tsabola wa mitundumitundu, amisiri osula ndowa ndi mbaula. Pafupi pake pali mzikiti ndi masitolo akale a amwenye a makonde aatali. Amenewanso ndi mbiri, chifukwa akuonetsa m'mene malonda a m'matauni athu adayambira.

Nsanja ya asilikali ndi khoma la ndende

Polowa mu Zomba kuchokera ku Blantyre, kufupi ndi Cobbe Barracks, pali nsanja ya njerwa zofiira ya wotchi pamwamba. Ndi chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles, aja makolo athu ankawatcha a Keyala, amene adafa pankhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918, imene kuno idatchuka kuti nkhondo ya Chiwaya. Kuwonjezera pa asilikali, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino adatengedwa ngati amtengatenga, kusenza katundu wa nkhondo mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique, ndipo ambiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda. Pankhondo yachiwiri a Keyala adafika mpaka ku Ethiopia, Madagascar ndi Burma. Palibe mudzi m'dziko muno umene nkhondo zimenezi sizidaukhudze. Imani pansanjapo, werengani maina, mwina mupezapo la kwanu.

Chapafupi pali ndende yaikulu ya Zomba, yomangidwa mu 1935. Simungalowemo ngati mlendo woona malo, koma mukamadutsa dziwani kuti m'kati mwa khoma limenelo ndi momwe adafera Orton Chirwa mu October 1992, loya amene adayambitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959. Akazi awo, mayi Vera Chirwa, adatuluka momwemo mu January 1993. M'ndende yomweyo ndi momwe mudachokera nyimbo za akaidi zimene zidafika pampikisano wa Grammy ku America mu 2016.

Kutsidya kwa tauni, ku Chirunga, kuli sukulu ya ukachenjede imene tidaizolowera kuti Chancellor College. Idasamukira kuno kuchokera ku Blantyre mu 1973 ndipo kuyambira 2021 ikutchedwa University of Malawi. Ophunzira ake ndiwo adayenda pamsewu mu March 1992 kugwirizana ndi kalata ya mabishopu a Katolika, pamene anthu ambiri ankaopa ngakhale kuigwira m'manja kalatayo.

Pamwamba paphiri

Kukwera phiri kuli pawiri. Mungakwere pagalimoto potsata msewu wa tala wokhotakhota, kapena kuyenda wapansi panjira yachidule yotchedwa Potato Path, imene alimi a m'phiri amatsika nayo kachewere popita kumsika. Wamphamvu zake amatenga maola awiri kapena kucheperapo. Njirayi ndi yaulere, chimene imafuna ndi nsapato zabwino ndi botolo la madzi basi. Nyamulani juzi, chifukwa nsonga yaitali kwambiri, ya Malumbe, imapitirira mamita 2,000 ndipo chiperoni chikabwera mano amachita kugundana.

Ambiri amaganiza kuti pamwamba paja pali hotela ya Ku Chawe yokha, ndiye poti m'thumba mulibe kanthu n'kupitiranji? Hotelayo ndi kachigawo kakang'ono chabe. Pali damu la Mulunguzi limene lidamalizidwa cha m'chaka cha 2000, madzi ake ali phee pakati pa mitengo. Pali mathithi a Mandala ndi a Williams, pali kadamu ka Chagwa, pali timitsinje tozizira ngati madzi a m'firiji, pali anyani ndi nchima zolumpha m'mitengo. M'mbali mwa msewu anyamata amagulitsa mabulosi, masitiroberi, magalagadeya, ziboliboli ndi miyala yonyezimira yokumbidwa m'mapiri omwewa.

Chakum'mawa kwa phiri kuli malo awiri oonerapo patali. Pa Queen's View padaima mayi wa Mfumukazi Elizabeth II mu 1957, ndipo pa Emperor's View padaima mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, mu 1965, n'chifukwa chake abale athu a Chirasta amapalemekeza. Kukakhala kopanda mitambo mumaona tauni yonse ili pansi panu ngati mapu, nyanja ya Chilwa ikunyezimira, chigwa cha Phalombe, phiri la Mulanje ndi la Chiradzulu. Munthu amene adaphunzira mapu a dziko lino pabolodi akaima pamenepo amamvetsa m'mphindi zisanu zimene aphunzitsi adavutika nazo teremu yonse.

Chakumadzulo kuli dzenje la Chingwe, lobisika m'mitengo m'mphepete mwa phompho loyang'ana kuchigwa cha Shire. Akuluakulu amasimba kuti kale ankaponyamo adani ndi anthu odwala khate. Apa ndi pamene pali phunziro. Malo amene padaima mfumukazi mphindi zochepa ali ndi dzina ndi chaka chodziwika, koma nkhani za eni phiri zimangoyenda pakamwa, aliyense kuonjezera kapena kuchotsera, ndipo nkhalamba zozidziwa zikutha. Nsonga za Nawimbe, Chivunde ndi Malumbe zili ndi maina a makolo athu. Adazitcha ndani, ndipo chifukwa chiyani? Ntchito yofunsa ndi kulemba zimenezi ikudikira inu ophunzira.

Midzi yozungulira

Amene ali ndi tsiku lachiwiri asathere m'tauni. Kum'mawa, pamtunda wa makilomita ngati 30, kuli doko la Kachulu panyanja ya Chilwa, kumene mabwato amanyamuka kupita pachilumba cha Chisi. David Livingstone adaiona nyanjayi mu April 1859, miyezi ingapo asadafike kunyanja ya Malawi. Ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulukamo, yodzaza ndi mbalame, ndipo idakhala malo oyamba m'dziko muno kulowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo.

Kumpoto kuli Domasi, kumene amishoni a ku Scotland adatsegula mishoni mu 1884, ndi Malosa ya Angilikani. Kumwera, kupitirira Thondwe ndi msika wake wotchuka uja, mumafika ku Namadzi ndi njira yopita ku Magomero, kumene Bishopu Mackenzie adamanga mishoni yoyamba mu 1861, kumenenso anthu a John Chilembwe adapha William Jervis Livingstone, kapitao wamkulu wa esiteti ya Bruce, usiku wa pa 23 January 1915 chifukwa cha nkhanza za thangata.

Ndiye pali Mikuyu, panjira yopita cha ku Chilwa. Kumeneko adatsekeredwako mlakatuli Jack Mapanje kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu kuzengedwa. Kumeneko adagonekedwako Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga atagwidwa mu Zomba mu May 1983, mawa lake n'kukaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma la a Bakili Muluzi litalowa mu 1994 ndendeyi idatsekedwa ndipo kwa kanthawi anthu ankapita kukaona zipinda zake, koma pambuyo pake idabwerera kukhala ndende. Anzathu a ku South Africa chilumba cha Robben, kumene adatsekera Nelson Mandela, adachisandutsa malo ophunzirirapo mbiri mu 1997 ndipo mpaka lero anthu amapita kukaona. Ife mwana wobadwa m'nthawi ya matipate tikamuonetsa kuti zimene makolo ake adadutsamo?

Chimene chikutha

Tinene mosapsatira: zambiri mwa zimene tatchulazi zikuonongeka tikuona. Yendani ku Zomba yakale muone nyumba za njerwa zamakonde zija, zina malata adachita dzimbiri, chiswe chikudya mitanda, utoto udasupuka kalekale, ndipo pakhomo palibe ngakhale kachikwangwani konena kuti nyumbayi idamangidwa liti ndipo mudachitika zotani. Zomba idaphunzirapo kale kuti mbiri imatha usiku umodzi: mu 1919 moto udatentha maofesi a boma ndi zikalata zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda. Madzi akatayika saoleka.

Phiri nalo likumetedwa. Lidakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1913, ndipo pambuyo pake boma lidadzalamo mitengo ya paini yambiri. Lero mbali zina zangotsala zitsa ndi udzu, ndipo chaka chilichonse kuyambira September mpaka mvula itagwa usiku phiri limaoneka lofiira ndi moto wolusa. Anthu a ku Mtiya ndi madera ena a m'tsinde mwa phiri amaona tsiku ndi tsiku amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yoposa msinkhu wawo, abambo ndi matabwa pamutu kapena zipika panjinga.

N'kosavuta kuwanyoza anthu amenewa tili pampando wa sofa, koma makala ndi nkhunizo akugula ndani? Ndife a m'tauni. Magetsi akazima tonse timathamangira mbaula. Mayi wosenza mtolo uja akufuna ufa wa lero ndi yunifolomu ya mwana. Simungamuuze kuti asiye mtengo popanda kumuonetsa kumene ndalama ina ichokere.

Koma taonani m'mene zinthu zalumikizirana. Madzi a m'mipopi ya mu Zomba, mzinda wa anthu oposa 105,000 malinga ndi kalembera wa 2018, amachokera m'damu la Mulunguzi, ndipo damulo limadalira nkhalango yolizungulira. Mitsinje ya Mulunguzi, Likangala ndi Domasi imayambira m'mapiri omwewa n'kukathira m'nyanja ya Chilwa. Nyanjayo idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka dothi long'ambika, mabwato ali gada pamtunda. N'zoona kuti chilala ndicho chimayambitsa, koma mitsinje yopanda mitengo m'mbali imauma msanga ndipo imanyamula dothi lokakwirira nyanja. Chilwa ikaphwa matemba amasowa, ndipo mayi wogulitsa nsomba ku Limbe kapena ku Ndirande amamva kuwawa kwake ngakhale sadapondepo paphiri la Zomba.

Palinso Napolo. Mu December 1946 chimvula chidagwa paphirili kwa masiku awiri, nthaka ndi miyala zidakokoloka, milatho ya m'tauni idapita ndipo anthu adafa. Makolo adati Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri, wasamuka kupita kunyanja, ndipo malemu Steve Chimombo, mwana wa ku Zomba konko, adalemba ndakatulo zambiri pankhaniyi. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adatikumbutsa ku Soche, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe zimene phiri limachita madzi akachuluka: anthu oposa 600 adafa ndipo mazana ena sadapezeke. Amene amagona m'tsinde mwa phiri lometedwa, ku Mtiya ndi kwina, mvula ikamagwa usiku tulo sabwera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

"Tikadye phiri?"

Wina anena kuti: inu olemba nkhani, m'mene zinthu zakwerera mitengomu, munthu asiye geni yake akaone mathithi, akadya mathithiwo? Funsoli n'lomveka ndipo tiliyankhe.

Choyamba, ulendo wa ku Zomba sufuna ndalama za hotela. Timakwanitsa kusonkherana kupita kunyanja pa Khirisimasi, timadzaza mabasi kuperekeza timu ya mpira, magulu a banki m'khonde ndi makwaya amachita hayala minibasi kupita kuzinkhoswe kutali. Gulu lomwelo likhoza kunyamula mpunga ndi nkhuku yophikaphika n'kukadyera m'mbali mwa damu la Mulunguzi.

Chachiwiri, ndalama ya mlendo wa m'dziko momwemuno ndiyo imafika kwa munthu wamba. Mzungu wobwera pagalimoto ya kampani amagona kuhotela, kudya komweko, mwina n'kugula kachiboliboli kamodzi. Koma Mmalawi amakwera minibasi, amakwera kabaza, amadya chipisi cha pachiwaya, amagona kuresitihausi, amagula kachewere ndi matemba opita nawo kunyumba. Ndiponso sadalira ndege. Tidaona mu 2020, matenda a Covid-19 atatseka malire, m'mene ogulitsa ziboliboli ndi operekeza alendo adakhalira manja lende chifukwa msika wawo wonse udali wa anthu akunja.

Chachitatu, mtengo woimirira umalipira kambirimbiri pamene wodulidwa umalipira kamodzi. Mnyamata amene akupeza ndalama poperekeza alendo kudzenje la Chingwe, kapena pogulitsa mabulosi pamsewu wa Ku Chawe, ndiye woyamba kuthamangira kukazimitsa moto, chifukwa akudziwa kuti phiri likapsa msika wake wapsanso. Alendo akachuluka anyamata otere amachulukanso, ndipo onyamula nkhwangwa amachepa.

Inu a geni, apa pali mwayi. Ndani akugulitsa kabuku ka Chichewa kofotokoza malo a mu Zomba ndi mapu ake? Ndani akukonza maulendo a Loweruka ochokera ku Limbe pamtengo umene mphunzitsi kapena telala angakwanitse? Ndani akuphika nsima ya matemba ndi chisoso pamalo aukhondo pamwamba paphiri? Koma chonde, mlendo akabwera tisamukwezere mtengo kanayi poona nkhope kapena nsapato zake. Ukayenda siya phazi, ndipo wamalonda naye asiye mbiri yabwino kuti wogula adzabwerenso ndi anzake.

Kwa akuluakulu

A khonsolo ya mzinda, a nthambi yoona zipilala ndi zinthu zakale, a zankhalango ndi a unduna wa zokopa alendo, sitikupempha zinthu zofuna mabiliyoni. Ikani zikwangwani za Chichewa, Chiyao ndi Chingerezi panyumba zakale ndi panjira za m'phiri. Lembani m'kaundula nyumba zonse zoyenera kutetezedwa ndipo muletse kuzigwetsa kapena kuzisintha mwachisawawa. Patulani nyumba imodzi mwa zakalezo ikhale malo ofotokozera mbiri ya nyumba ya malamulo, ya a Keyala ndi amtengatenga, ndi ya anthu amene adazunzika m'ndende popanda mlandu. Phunzitsani operekeza alendo ochokera m'madera a m'tsinde mwa phiri ndi kuwapatsa ziphaso. Pomwe pali polipiritsa, mtengo wa Mmalawi ndi wa mwana wa sukulu ukhale wotsika ndipo ulembedwe poyera. Phiri la Mulanje lidalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2025, kutsatira Lake Malawi National Park mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Zomba nayo ili ndi zoti ikanene kumeneko, bola zikhale zidakaimabe.

Ena amati nyumba zimenezi n'za atsamunda, zigwe, tikuzisungiranji? Koma njerwa zake adaumba ndani? Mitanda adasenza ndani kuchokera m'phiri? Msonkho womangira udachokera m'thumba la yani? Ndi thukuta la agogo athu, ndipo ndi umboni wa zimene zidawachitikira. Umboni sautaya, ngakhale ukhale wowawa.

Ndipo inu aphunzitsi a Histore ndi Jogalafe, inu a m'makalabu a zachilengedwe, musadikire kuti boma likutumizireni basi. Ophunzira a ku Chirunga, ena a inu mumatha zaka zinayi phiri lili pamphuno osakwerako, n'kukatenga digiri muli mlendo mumzinda umene mwakhalamo. Pitani kwa mafumu ndi nkhalamba za ku Mtiya, kwa Mlumbe, kwa Malemia, kwa Kuntumanji ndi ku Chisi, mukafunse, mujambule mawu awo pafoni, mulembe. Safunsa adadya phula.

Ulendo wina minibasi ikadzaima m'depoti ya Zomba, tsikani. Yambirani kumsika, kwerani mpaka ku Masongola, ndipo ngati miyendo ilola, tsatani njira ya kachewere ija mpaka pamwamba. Mukakatsika mudzatiuze ngati kumeneko n'kwa azungu.